Phunzirani Kuyeza BC Musanaimbe Mfuti Mlandu

Ndatopa nawo anthu obwera ndi kapepala, ati "BC ya chipolopolo changa ndi 0.55, yaposa ya pa bokosi." BC (ballistic coefficient) ndi nambala yosonyeza mmene chipolopolo chimasungira liwiro lake podutsa mumpweya. Abale, chipolopolo sichinasinthe. Mwaiwala kuti muli ku Zomba.

Chronograph wamba, makina oyezera liwiro la chipolopolo, imangokuuzani liwiro pamalo amodzi. BC imachokera pa liwiro lomwe chipolopolo chataya pakati pa malo awiri, ndipo chomwe chimachibweza ndi mpweya. Nambala ya pa bokosi anaiwerengera mpweya wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, pa madigiri 15. Tauni yathu ili pamwamba, mamita 900 ndi kupitirira, ndipo mpweya kuno ndi wopepukirapo ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse. Pamwamba pa phiri, cha ku Chawe, ndi wopepuka kwambiri. Chipolopolo chimataya liwiro lochepa, inu n'kuyamikira chipolopolo.

Choipitsitsa n'chakuti ambiri amatenga pulesha ya mpweya pa foni. Nambala ya 1015 imene pulogalamu ya zanyengo imaonetsa yasinthidwa kale kuti ifanane ndi ya kunyanja yamchere. Pulesha yeniyeni pomwe mwaima ili cha m'ma 910.

Ndiye pali masamu amene anthu safuna kumva. Chipolopolo cha saizi ya .308 cholemera ma grain 168 chikatuluka pa liwiro la mamita 800 pa sekondi, chimataya pafupifupi 60 pa mamita 100 oyamba. Makina awiri oyezera liwiro akalakwitsa ndi mamita 5 pa sekondi aliyense, wina mokweza wina motsitsa, BC yanu yaphonya ndi gawo limodzi mwa magawo 6. N'chifukwa chake makinawo muyambe mwawaika moyandikana, muone ngati akugwirizana, kenako muwatalikitse momwe mungathere. Chipolopolo chimodzi chomwecho chidutse onse awiri, ndipo muwombere khumi kapena kuposa, osati zitatu. Makina oyendera kuwala amasokonezekanso mtambo ukaphimba dzuwa. G1 ndi G7 ndi miyezo iwiri yowerengera BC. Chipolopolo cha mchira wopyapyala chimafuna G7.

Bambo wina amandiwawabe mtima. Mfuti yake inali ya laisensi, yosamalidwa bwino. Anapeza BC yokwera ija, n'kuilowetsa m'pulogalamu yowerengera kugwa kwa chipolopolo, n'kuuzanso pulogalamuyo kutalika kwa Zomba, ndiye kupepuka kwa mpweya kunawerengedwa kawiri. Pa mamita 100 zonse zinali bwino, chifukwa pafupi chotero BC siioneka. Pa mamita 600 zipolopolo zinkagwera pansi pa chandamale. M'malo mobwera kudzafunsa, anakhala miyezi akuikayikira mfuti, mpaka anaipereka kwa mmisiri wina wa kuseri amene anapala kukamwa kwa mpope ndi tupa. Mfuti yomwe inalibe vuto tsopano imamwaza zipolopolo, ndipo sikonzekanso popanda kudula mpopewo.

Amisiri otere alipo, ndipo ena akulipiritsa "kuyeza BC" ndi makina amodzi. Munthu akakuuzani nambala osakufunsani kutentha, pulesha ndi mtunda weniweni pakati pa makina, woyezedwa ndi tepi osati mapazi, tengani mfuti yanu muzipita.