Tsitsi lanu likukula, koma likudukira panjira

Dandaulo lomwe limamveka kwambiri m'masaluni a pa Mangochi boma, ku Monkey Bay ngakhale ku Namwera ndi lakuti, "Asisi, tsitsi langali silikula." Mayi adasiya mankhwala owongolera tsitsi zaka ziwiri zapitazo, wagula mafuta amitundumitundu, koma tsitsi likadali pomwe lidali. Chikhalirecho tsitsi la munthu wathanzi silileka kukula. Pa mwezi limatalika pafupifupi sentimita imodzi kapena kucheperapo pang'ono, ndiye kuti pa chaka pamamera masentimita 9 mpaka 12. Ngati utali umenewu sukuoneka, n'chifukwa chakuti likamamera kumizu, kunsonga likuduka.

Mungathe kuona nokha. Mukatha kupesa, tolani tsitsi lomwe latsala m'chipeso n'kuliyala pa pepala loyera. Lalitali lokhala ndi kadontho koyera kutsinde lachoka ndi muzu wake chifukwa nthawi yake yakwana, ndipo munthu aliyense amataya lotere 50 mpaka 100 pa tsiku. Limeneli lisakudetseni nkhawa. Koma mukaona tizidutswa tatifupitifupi topanda kadontho, tokhala ngati timphete, limenelo laduka. Mafuta olembedwa kuti "amakulitsa tsitsi" sangathetse vutoli.

Tsitsi lathu lachilengedwe n'lopotana, ndipo paliponse pomwe lapindika m'pofooka. Komanso mafuta omwe khungu la m'mutu limatulutsa amalephera kutsetsereka m'mapindikidwewo kukafika kunsonga, choncho nsonga zimakhala zouma ngakhale m'mutu muli noninoni. Onjezanipo dzuwa la October ndi November la kuno kunyanja, mwera wa June ndi July, ndi fumbi la m'misewu. Tsitsi louma lili ngati udzu wa m'chilimwe: ukaupinda umathyoka, pomwe wa m'dzinja umangowerama.

Tiyambire pa sopo, pakuti ambiri amalakwira pomwepa. Khungu la m'mutu ndi tsitsi zimakhala bwino pa 4.5 mpaka 5.5 pa muyeso wa pH, womwe nambala yake ikatsika ndiye kuti chinthu chili ndi asidi ngati viniga, ikakwera chili ngati soda. Sopo wochapira zovala, ngakhale wosambira yemwe, amafika 9 kapena 10. Amatukula timamba tomwe timakuta tsitsi lililonse, n'chifukwa chake mukatha kusamba limakhala lokhakhala, lokolana, chipeso chosalowa. Vuto limakula ngati madzi anu ndi a pa mjigo wamchere. Madzi otere mumawadziwa: sopo satulutsa thovu msanga, ndipo m'ketulo mumatsala zoyera zomata. Zoyerazo zikasakanikirana ndi sopo zimamatanso kutsitsi n'kulichititsa kutuwa. Shampu wamba wotsika mtengo aposa sopo wabwino. Kukakhala kuti madzi ndi otero, tsirani masupuni aakulu awiri a viniga m'botolo la madzi la 500ml, muthire m'mutu pomaliza, mudikire mphindi ziwiri kapena zitatu, mutsukuluze pang'ono. Kawiri pa mwezi n'kokwanira. Viniga wosasungunula amaotcha khungu, ndipo ngati m'mutu muli zilonda musathire konse. M'dzinja tchererani madzi a mvula mu ndowa yoyera, pakuti kutsitsi palibe madzi oposa amenewo.

Kunyanja kuno thukuta ndi lambiri, choncho kutsuka m'mutu kamodzi pa sabata kapena pa masiku 10 n'koyenera. Musanathire madzi, gawani tsitsi m'zigawo zinayi kapena zisanu n'chimodzi, chigawo chilichonse muchipote kapena kuchiluka mosamangitsa. Tsitsi lathu likanyowa limafupika n'kukolana lokha, ndiye mukalitsuka lonse pamodzi monga mukuchapa chitenje, mumathera ola lathunthu mukulimbana ndi mfundo zomwe mwamanga nokha. Masulani chigawo chimodzi, ikani shampu pakhungu, tikitani ndi nsonga za zala osati zikhadabo, thovu lizitsika lokha m'tsitsi, kenako potaninso musanapite pa china. Madzi akhale ofunda pang'ono. Mukatsukuluza, pakani kondishona wokwanira, ndipo iyi ndiyo nthawi yabwino kwambiri yopesera, tsitsi lili lonyowa ndiponso loterera. Yambani ndi zala. Kenako tengani chipeso cha mano otalikirana, muyambire kunsonga muzikwera pang'onopang'ono kumizu, dzanja linalo litagwira chigawocho kuti khungu lisakokeke. Mukamva thethethe, lekani, limenelo likuduka.

Kondishona akasowa, therere lobala limagwira ntchito yotereretsa bwino kwambiri. Dulani therere lisanu kapena lisanu n'limodzi, ikani m'makapu awiri a madzi, wiritsani mphindi 10, sefani ndi kansalu koyera likadali lofunda, lizizire. Musathiremo soda kapena chidulo monga tichitira ndi ndiwo, chifukwa zimenezo zimawononga tsitsi mofanana ndi sopo uja. Ndi kutentha kwa kuno silichedwa kusasa, choncho phikani la tsiku lomwelo. Therere silikulitsa tsitsi. Ntchito yake n'kuthandiza chipeso kudutsa popanda kudula kanthu, ndipo imeneyo si ntchito yaing'ono.

Poumitsa musapukute ndi thaulo mokhula. Kulungani mutu ndi malaya akale a thonje kwa mphindi zingapo kuti amwe madzi.

Apa ndiye pagona nkhani. Chofewetsa tsitsi ndi madzi, osati mafuta. Mafuta ntchito yake n'kutsekera madzi kuti asathawe msanga. Mukadzola Vaseline kapena mafuta ena alionse pa tsitsi louma, limawala ndithu, koma mkati likadali louma, ndipo fumbi lonse la pamsewu limamatirira pomwepo. Choncho madzi ayambe, mafuta atsatire. Tsitsi likadali lachinyezi, pakani kirimu wa tsitsi ngati muli naye, kenako mafuta, pafupifupi theka la supuni ya tiyi pa chigawo, ambiri apite kunsonga. Nsongazo ndiye tsitsi lakale kuposa lonse, zina zatha zaka ziwiri kapena zitatu zikupsa ndi dzuwa. Mafuta a malambe, omwe mitengo yake ili mbwee m'boma lino, ndi opepuka ndipo amayenera bwino. A kokonati, a mapeyala ndi a mpendadzuwa nawonso ali bwino. A nsatsi ndi olemera kwambiri, ndiye sakanizani gawo limodzi la nsatsi ndi magawo awiri a opepukawo. Ngati mumayenga nokha, mbewu za nsatsi ndi chiphe, zisakhale pomwe ana angafikire. Pakati pa sabata, pakapita masiku awiri kapena atatu, wazani madzi pang'ono n'kutsekeranso ndi timafuta. Ena amathira supuni ya tiyi imodzi ya gilisalini m'kapu ya madzi owazirawo. Zimathandiza kukakhala chinyezi, koma mukachulutsa tsitsi limanata.

Amayi ambiri a m'boma lino amafunda kumutu tsiku lonse, ena hijabu, ena duku. Kufundako kumateteza ku dzuwa ndi fumbi, koma kuli ndi zofunika kusamala. Musafunde tsitsi lonyowa. Chinyezi ndi kutentha zikatsekeredwa pamodzi zimabweretsa fungo, kuyabwa ndi mfundu. Tsukani tsiku lomwe mukhale pakhomo, tsitsi liumire m'zigawo zake. Nsalu ya thonje imamwa mafuta ndiponso imakhula tsitsi la pachipumi, choncho mkati muziyamba mwavala kansalu koterera ka satini. Usiku n'chimodzimodzi, kansalu ka satini kapena pilo wokutidwa ndi satini. Ndipo mfundo ya tsitsi isamakhale pamalo amodzimodzi chaka chonse. Sabata ino kunkhongo, sabata yamawa m'mwamba pang'ono, mosamangitsa.

Tsopano za kuluka. Kuluka mizere, kupota ziwiriziwiri ndi kumanga ndi ulusi monga ankachitira agogo athu ndi njira zabwino zosungira utali, chifukwa tsitsi limatha masabata osakhudzidwa ndi chipeso. Ulusi uli ndi ubwino winanso, umatambasula tsitsi popanda moto. Koma kuluka komweku ndi komwe kwatha tsitsi la m'mbali mwa chipumi kwa amayi ambiri. Pali chikhulupiriro chakuti maluko abwino ayenera kuwawa masiku atatu oyamba. Si zoona, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona mwana wa zaka zisanu akulephera kugona chifukwa cha maluko. Ngati nsidze zakokeka, ngati simungathe kuweramitsa mutu, ngati mwamwa Panado chifukwa cha tsitsi, kapena patsinde pa maluko patuluka tiziphuphu, mizu ikuvulala. Masulani tsiku lomwelo ngakhale mwalipira ndalama zambiri. Madokotala amalitcha vutoli traction alopecia. Likadziwika msanga tsitsi limameranso pakapita miyezi ingapo, koma kukokako kukapitirira zaka, mizu imafa, khungu limasalala n'kumawala, ndipo pamenepo palibe mafuta omwe angameretsepo kanthu.

Inu oluka, chonde, tsitsi lanthete la pachipumi ndi pamwamba pa makutu lisiyeni, musalitole. Meshi yomwe mukuika pa kachigawo isalemere kuposa tsitsi lomwe likuinyamula. Maluko ang'onoang'ono ofika m'chiuno ndiwo amazula kwambiri. Ndipo inu olukitsa, lankhulani mzere woyamba ukadali m'manja: "Achemwali, apa mwakoka, tamasulaniko pang'ono." Woluka wodziwa ntchito yake sakwiya nazo.

Meshi ina imayabwa chifukwa cha mankhwala omwe amaipaka kufakitale. Iviikeni mphindi 20 m'beseni la madzi ofunda momwe mwathira theka la kapu ya viniga, tsukuluzani, iume musanalukire. Maluko a meshi asapitirire masabata asanu n'limodzi, ndipo m'nyengo yotentha anayi ndi okwana. Pamasabata amenewa m'mutu muzitsukabe. Sungunulani shampu pang'ono m'botolo la madzi, thirani m'mizere, tikitani, tsukuluzani bwino, muumitse kotheratu.

Tsiku lomasula ndi lomwe ambiri amataya zonse zomwe adasunga. Kumbukirani kuti tsitsi lija lothothoka tsiku ndi tsiku linalibe kolowera. Pa masiku 42, ngakhale titawerengera 50 pa tsiku, ndi tsitsi 2,100 lomwe lili m'malukomo, ndipo patsinde pamakhala kamfundo ka litsiro ndi mafuta. Mukathamangira kuthira madzi ndi shampu, zonsezi zimagwirana n'kukhala chimtolo chomwe mapeto ake ndi sizasi. Masulani limodzilimodzi, pakani mafuta kapena therere lija pa kamfundoko, kamasuleni ndi zala, chotsani lothothokalo, pesani, potani, ndiye mupite kukatsuka. Mulu womwe utulukewo usakuopseni. Mukatero lipumitseni sabata imodzi kapena ziwiri musanaikenso meshi.

Okasamba kunyanja, madzi a nyanja yathu alibe mchere, ndiye vuto si madziwo koma mchenga ndi kukolana. Lukani mizere inayi musanalowe, ndipo mukafika kunyumba tsukuluzani ndi madzi oyera n'kudzola mafuta likadali lachinyezi.

Pali zina zomwe saluni singathe. Mfundu yosatha, yoyabwa, imafuna shampu wa ketoconazole wa ku famase, kawiri pa sabata kwa masabata awiri mpaka anayi, ndipo muzimusiya pakhungu mphindi zisanu musanatsukuluze. Kuunjika mafuta pakhungu lotero kumangowonjezera vuto. Chipere cha m'mutu mwa ana, chija chozungulira, chotuwa, tsitsi litadukira pakhungu, sichimva mankhwala opaka okha chifukwa kafangasi kake kamalowa mkati mwa tsitsi. Chimafuna mapiritsi monga griseofulvin kwa masabata asanu n'limodzi kapena asanu n'atatu, olembedwa ndi achipatala. Musapakepo adyo, mafuta a galimoto kapena madzi a batire, zimenezo zimasiya chipsera chosameranso tsitsi. Chimafala kudzera m'zipeso, zipewa ndi makina ometera, ndiye mwana aliyense akhale ndi chipeso chake, ndipo kometetsa muzionetsetsa kuti makina atsukidwa ndi spirit. Mukaona mafinya, kutupa kapena mwanabere m'khosi, musachedwe. Dazi loyambira paliwombo n'kumafalikira, makamaka lowawa kapena lotentha, nalonso n'lofunika kuonedwa msanga kuchipatala.

Tsitsi likamathothoka ndi mizu yomwe mutu wonse, funso likhale la m'thupi. Mayi yemwe wabereka amathothoka tsitsi mwana akafika miyezi iwiri mpaka inayi, ndipo limabwerera lokha chaka chisanathe kapena chitangotha. Zimachitikanso patapita miyezi iwiri kapena itatu munthu atadwala malungo aakulu. Kuchepa kwa magazi nakonso kumathothola tsitsi, ndipo kuno komwe malungo ndi likodzo n'zofala, ndi bwino kukayezetsa magazi musanagule botolo lina la mafuta. Tsitsi limapangidwa ndi puloteni, choncho usipa ndi utaka wodya ndi mitu yomwe, nyemba, mtedza, mazira, bonongwe ndi chisoso zimagwira ntchito kumizu komwe chodzola sichifika.

Nsonga zikagawikana kapena zikadzaza timfundo, sizilumikizikanso. Zikasiyidwa, mng'aluwo umakwera m'mwamba. Pakapita miyezi itatu kapena inayi, potani tsitsi ziwiriziwiri, muone pomwe nsonga yayamba kupyapyala, mudule theka la sentimita kapena sentimita imodzi. Sizasi ikhale yakuthwa, yosungira tsitsi lokha, chifukwa yodulira nsalu ndi mapepala imatafuna nsonga n'kuyambitsa mng'alu wina pomwe mwadulapo.