Za mpamba wa amayi ndi banki mkhonde: mayankho a ofesi yathu ku Salima

Kwa masabata angapo tsopano, pakhonde la ofesi yathu pakumadzaza amayi m'mawa uliwonse, ena ochokera ku Khombedza ndi ku Thavite, ena ku Chipoka ndi ku Senga Bay, onse atamva mphekesera yoti tikulemba mayina a anthu oti alandire mpamba. Ambiri abwerera okhumudwa, ndalama yoyendera itapita pachabe pamene ikanagula ndiwo kunyumba. Zimenezi zatipweteka mtima. Taika pano mafunso amene akubwera kawirikawiri, ndipo tikupempha inu amene mumatha kuwerenga kuti mukawawerengere anzanu pa tsiku la msonkhano wa gulu.

Kodi mukugawa ndalama za mpamba?

Ayi. Sitikugawa ndalama, ndipo palibe kaundula wa mayina amene akulembedwa pa ofesi.

Nanga ntchito yanu ndi yotani?

Timathandiza amayi kukhazikitsa magulu a banki mkhonde ndi kuwaphunzitsa kusunga, kubwerekana, kulemba mabuku ndi kuwerengera phindu la geni yawo. Ndalama za m'bokosi ndi za amayi eni ake. Ife sitiikamo, sitichotsamo, ndipo makiyi sitisunga.

Kulowa ndi ndalama zingati?

Maphunziro athu ndi aulere. Wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti dzina lanu lilembedwe, mukamunene kwa amfumu kapena kupolisi.

Mumati pologalamuyi ndi ya amayi ovutikitsitsa. Kodi amenewa ndi ati, ndipo amawasankha ndani?

Funso ili ndi limene layambanitsa anthu kwambiri m'midzi, choncho tilongosola modekha. Tinaika patsogolo amayi amene kawirikawiri amasiyidwa mwayi ukagwa pamudzi: amayi amasiye, amene akulera ana okha bambo atachoka, aulumali, achialubino, amene ali ndi kachilombo ka HIV, atsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba, komanso amayi oyendayenda a m'madoko amene akufuna njira ina yopezera chakudya. Kuwaika patsogolo sikutanthauza kuti ena onse ndi oletsedwa. Mayi wapabanja amene pakhomo pake zinthu sizikuyenda akhoza kulowa popanda vuto.

Povuta ndi apa. Banki mkhonde imayenda chifukwa anthu amasankhana okha, odziwana ndi okhulupirirana. Ife tilibe mphamvu yokakamiza gulu kulandira munthu. Ndiye zimachitika ndithu kuti mayi amene tinkamufuna kwambiri ndi amene amakanidwa, anzake akunong'onezana kuti ameneyu sangabweze. Zikatere timayesa zinthu ziwiri. Timapempha gulu kuti litsitse mtengo wa sheya imodzi kufika poti wogulitsa masamba kapena zitumbuwa angakwanitse sabata iliyonse, popeza amene ali nazo zambiri akhoza kugulabe masheya asanu. Zikakanika, timathandiza amayi okanidwawo kuyambitsa gulu lawolawo. Sitinganene kuti njira zimenezi zimatheka paliponse, ndipo magulu ena otere amatenga nthawi kuti bokosi lilemere.

Palibe amene ayenera kuonetsa buku la kuchipatala kapena kuulula za magazi ake kuti alowe. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu pa chifukwa chimenechi. Gulu limene lingakane mayi chifukwa cha khungu lake, ulumali kapena matenda, ife sitigwira nalo ntchito.

Ndimalandira Mtukula Pakhomo. Ndikayamba geni, kodi andichotsa?

Tiyambe ndi kunena kuti Mtukula Pakhomo si wathu. Ndi pologalamu ya boma imene inayamba ku Mchinji mu 2006, ndipo Salima ndi limodzi mwa maboma oyambirira kumene inafalikira. Imafikira mabanja ovutikitsitsa amenenso alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito, pafupifupi mabanja 10 pa 100 aliwonse. Zolemba kapena kuchotsa munthu zili m'manja mwa ofesi ya zachisamaliro cha anthu ku khonsolo pamodzi ndi makomiti a kumudzi, ndipo ife sitiwatumizira mayina a amayi a m'magulu athu.

Mmene ife tikuonera, kulowa banki mkhonde pakokha si chifukwa chochotsera munthu. Boma lomwelo, pogwira ntchito ndi COMSIP, bungwe lothandiza magulu osunga ndalama, limalimbikitsa olandira Mtukula Pakhomo kusunga ndalama m'magulu ndi kuyambitsa timabizinesi. Komabe kalembera amabwerezedwa pakapita nthawi, ndipo olemba amayang'ana mmene banja lilili pa nthawiyo. Ngati zinthu zasintha kwambiri pakhomo, n'kutheka dzina osabwereranso. Sitingakulonjezeni kuti mudzakhalabe pa mndandanda, ndipo wina aliyense wa ife akakulonjezani zimenezo ndiye kuti wapyola malire a ntchito yake.

Chimene chimatidetsa nkhawa ndi amayi amene akukana kuyamba geni, kapena kuopa kufolera nyumba ndi malata, kuti aoneke ovutikabe. Tikumvetsa mantha amenewa, chifukwa ndalama yodziwika tsiku lobwera imapatsa mtendere mumtima. Koma ndalamayo ndi yochepa, ndipo mndandanda ukhoza kusintha ngakhale inu musanachite kalikonse. Musanasankhe, kafunseni a zachisamaliro cha anthu kuti mumve kuchokera kwa eni ake.

Malamulo a gulu ndi otani?

Gulu limakhala la anthu pakati pa 15 ndi 25. Pa msonkhano uliwonse munthu amagula sheya imodzi mpaka asanu, ndipo zimalembedwa m'pasibuku yake. Ngongole isapose katatu ndalama zimene mwasunga. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo limatsekulidwa pamaso pa onse. Pamakhalanso thumba la padera lothandizira pa maliro ndi matenda. Kugawana kumachitika pakatha miyezi 9 mpaka 12.

Pogawana ndinapeza kuti ndalama zanga sizikugulanso zimene zinkagula. Kodi sitikungotaya nthawi?

Dandaulo ili ndi loona. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022, ndipo mitengo ya sopo, mafuta ophikira ndi feteleza inakwera magulu ambiri atatsala pang'ono kugawana. Ndalama yongogona m'bokosi imafooka. N'chifukwa chake timalangiza kuti izizungulira m'geni, kuti mtengo wa sheya uziunikidwanso poyamba chaka chatsopano, ndiponso kuti pogawana mayi asandutse gawo lina kukhala chinthu chogwirika monga mbuzi, matumba a mpunga kapena makina osokera.

Ndine Msilamu. Chiwongoladzanja ndi choletsedwa kwa ife. Ndiye kuti ndilibe malo?

Malo alipo. Ife sitigamula nkhani za chipembedzo, zimenezo kambiranani ndi mashehe anu. Koma palibe lamulo lathu lokakamiza gulu kuika chiwongoladzanja. Amayi akhoza kubwerekana popanda kuwonjezera, kuchita chipereganyu, kapena kusonkha ndalama n'kugula mpunga ku Lifuwu nthawi yokolola kuti adzagulitse mitengo ikakwera ndi kugawana phindu. Chofunika n'chakuti mugwirizane poyamba ndipo zilembedwe m'malamulo a gulu.

Mnzathu watenga ngongole ndipo sakubweza. Tikalande katundu wake?

Apa tikupempha kuti mumvetsere bwino, chifukwa nkhani zoterezi zaphwasula magulu ndi maubale. Tikudziwa kuti ndalama imene yapita ndi thukuta lanu, ndipo mkwiyo wanu ndi womveka. Koma gulu lilibe mphamvu yolowa m'nyumba ya munthu n'kutenga ziwiya, mabulangete kapena kusasula malata. Kuchita zimenezo kungachititse kuti inuyo mukhale oyankha mlandu. Yambani ndi masheya ake ndi zimene malamulo anu amanena. Kenako mukhale naye pansi, pakhale mboni, mugwirizane zobweza pang'onopang'ono. Zikakanika pitani kwa amfumu, ndipo pomaliza ku bwalo la majisitireti. Ngati panali chikole chimene analemba ndi kusainira, nkhani imapepukirako, koma ngakhale pamenepo tikulangiza kuti musakatenge mwa mphamvu.

Magulunso adzifunse okha. Ambiri amaika chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi pofuna kuti pogawana zidzachuluke. Mayi akabwereka K50,000, ndiye kuti mwezi uliwonse afunika kupeza K10,000 yapamwamba asanadye phindu lililonse, ndipo geni ya mandasi kapena tomato sikawirikawiri kubala motero. Palinso magulu amene amakakamiza aliyense kubwereka kuti ndalama isatsale m'bokosi, ngakhale munthu alibe chochita nayo. Zotsatira zake mayi amalowa magulu atatu, kubwereka uku kuti akatseke uko, mapeto ake n'kukagwa m'manja mwa akatapila. Ife sitinaphunzitsepo zokakamiza kubwereka, ndipo tikupempha kuti zitheretu. Mukaona mnzanu wasiya kubwera ku msonkhano, akubisala, sakugona chifukwa cha ngongole, mufikireni ngati mbale musanamufikire ngati wangongole. Ndalama ikhoza kubwezedwa chaka chamawa.

Ena afunsa ngati ofesi ingabwezere gulu ndalama zotayikazo. Sitingathe, ndipo tilibe thumba la zimenezo.

Kodi bambo akunyumba ayenera kusainira? Nanga akafuna ndalamayo?

Safunika kusainira. Gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa mayi ufulu wopanga mgwirizano ndi kukhala ndi katundu m'dzina lake, kaya ali pabanja kaya ayi. Kukambirana m'banja ndi kwabwino, ndipo abambo ambiri amathandizadi. Koma ngongole zambiri zovuta zimene zimatifika ndi zimene mayi anatengera bambo kuti agule ukonde, akonzetse injini ya boti kapena njinga ya kabaza. Tsiku lobweza, gulu limayang'ana dzina limene lili m'pasibuku. Ngati akukulandani ndalama mokuopsezani kapena kukumenyani, imeneyo ndi nkhanza pansi pa lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Amayi amasiye adziwenso kuti lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaletsa achibale kulanda katundu.

Ife timagulitsa nsomba. Nyanja ikatsekedwa tibweza bwanji?

Tivomereze kuti ndondomeko yosunga ndi kubweza mofanana chaka chonse sigwirizana bwino ndi moyo wa kudoko. Kuyambira Novembala boma limaletsa makoka ena kuti chambo chiswane. Ku chilumba cha Mbenji, m'dera la Senior Chief Makanjira, usodzi umatsekedwa kuyambira Disembala mpaka Epulo potsata mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950. Mwera ukalimba pakati pa chaka asodzi salowa m'madzi, ndipo nthawi ya mvula usipa umaolera pa thandala. Mayi amene watenga ngongole yaikulu kumapeto kwa Okutobala akhoza kuvutika popanda kulakwa kwake.

Gulu lili ndi ufulu wokonza kalendala yake: kubwereketsa kwambiri nsomba zikamapezeka, kutsitsa masheya m'miyezi yovuta, ndi kuika tsiku logawana pamene amayi akufunadi ndalama. Timalimbikitsanso kukhala ndi geni yachiwiri yosadalira nyanja, monga mpunga, chinangwa, mango m'nyengo yake kapena kaunjika. Chifukwa china chimene timalimbikira za mpamba kudoko n'chakuti mayi wofika ndi ndalama m'manja amagula nsomba ngati wina aliyense, pamene wopempha pa ngongole ndi amene asodzi ena amamuuza kuti agone nawo kaye. Mchitidwe umenewu ulipo, ndipo si wochititsa manyazi mayi koma amene akumudyera masuku pamutu.

Kodi ndinu a NEEF?

Ayi. NEEF ndi dzina limene bungwe la boma lobwereketsa ndalama la MEDF linapatsidwa mu 2020, ndipo bungweli limapereka ngongole zobweza, osati mphatso. Gulu lokhwima likafuna, timalithandiza kukonza mabuku ake kuti likapemphe kumeneko kapena ku SACCO, kopaletivi yosunga ndi kubwereketsa ndalama, koma kuvomera ndi kukana ndi kwa iwowo.

Akuti mumakondera abale a mafumu ndi a chipani. Ndi zoona?

Si zoona. Timadzera kwa mafumu chifukwa ndi mwambo polowa m'mudzi, ndipo ndi amene amaitanitsa msonkhano. Sasankha mamembala. Sitifunsa chipani, mtundu kapena mpingo wa munthu. Madera ena sitinawafikebe chifukwa alangizi ndi ochepa ndipo misewu ina imavuta nthawi ya dzinja, osati chifukwa tinawasala. Amene ali ndi umboni wa kukondera abwere nawo, tidzaufufuza ndipo dzina lake silidzatchulidwa.

Ndilibe chiphaso cha unzika, komanso sindidziwa kulemba.

Mu banki mkhonde mukhoza kulowa, ndipo chidindo cha chala chimakwanira. Koma ku banki, ku NEEF ndi polembetsa nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba chiphaso chimafunika, choncho pitani ku ofesi ya NRB, imene imapereka ziphaso za unzika.

Geni yathu yakula. Tilembetse kuti?

Dzina la bizinesi limalembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, kopaletivi ku Unduna wa Zamalonda. Ngati mukufuna kuti mpunga wopakira kapena chiponde chanu chilowe m'masitolo akuluakulu, pafunika chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Musathamangire zimenezi musanakhale ndi ogula okhazikika, chifukwa zimadya ndalama.

Ndiye tibwere liti ku ofesi?

Musavutike ndi ulendo wa ku boma. Sonkhanani amayi okwana gulu, musankhe mmodzi akadziwitse mlangizi wa zachitukuko wa m'dera lanu kapena komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ndipo ife tidzabwera komweko pa tsiku limene tidzagwirizane.