Masewero a mu Epulo sanena za chikho

Chaka chilichonse mu Epulo, nyuzipepala za m'matauni a makoleji ku America zimadzaza masamba ndi nkhani za masewero okonzekera a matimu a makoleji a mpira wawo uja wothamanga nawo m'manja (American football). Ambiri amakhulupirira kuti timu ikawala pa masewero okonzekerawa ndiye kuti chikho chayandikira. Ayi ndithu. Pa tsikuli timu imangogawidwa pawiri n'kumasewera yokhayokha, ndipo tsikulo limawerengedwa m'masiku 15 okha okonzekera amene NCAA, bungwe loyang'anira masewero a makoleji, imalola. Nthawi zambiri quarterback, wosewera amene amatsogolera timu n'kumaponya mpira, saloledwa n'kugwetsedwa komwe, makochi nawonso amabisa njira zawo zenizeni.

Mu 2007 anthu oposa 92,000 anadzaza sitediyamu mumzinda wa Tuscaloosa pa masewero okonzekerawa kudzaona kochi Nick Saban akuyamba ntchito pa timu ya yunivesite ya Alabama. Chaka chomwecho timuyo inagonja masewero 6 mwa 13.