Gulugufe wamkulu kuposa onse amadalira chomera chimodzi basi

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi yofufuza za tizilombo, funso loyamba limakhala loti kodi gulugufe wamkulu padziko lonse ndi uti. Ndi Queen Alexandra's birdwing, dzina la sayansi Ornithoptera alexandrae, wa m'banja la agulugufe otchedwa swallowtail ngakhale iyeyu alibe timichira takumapiko ngati abale ake ambiri. Amapezeka ku Papua New Guinea kokha, nakonso si dziko lonse ayi, ndi chigawo cha Oro basi, m'nkhalango zowirira zamvula kufupi ndi tauni ya Popondetta komanso kumtunda kwa Managalas.

Wamkazi nde chimphona, akatambasula mapiko amafika masentimita 25 mwinanso kupitirira, tengani lula muyeze muone nokha. Iye ndi wabulauni wa mawanga oyera. Wamphongo ndi wocheperako koma kukongola kwake eee, wobiriwira mosakanikira ndi buluu, mimba yachikasu. Amauluka pamwamba zedi moti Albert Meek, mzungu woyamba kumugwira mu 1906 (eni dera ankamudziwa kale), anachita kumuwombera ndi mfuti, ndipo gulugufe yemweyo mpaka pano ali ku Natural History Museum ku London mapiko ali ndi timabowo. Chaka chotsatira katswiri wa zanyama Walter Rothschild anamupatsa dzina la Alexandra, mkazi wa Mfumu Edward VII ya ku Britain.

Koma ine mtima wanga uli pa mbozi yake. Wamkazi sangoikira mazira paliponse, amafunafuna chomera choyanga cha mtundu wa Pararistolochia chomwe chimakwera mitengo mpaka pamwamba. Dzira likaswa, kambozi kamayamba kadya kaye chikhokho cha dzira lake lomwe kenako nkuyamba masamba anthete. Mboziyo ndi yakuda, ili ndi timinga tofewa tofiira thupi lonse ndi chibanga choyera pakati pamsana, siibisala nkomwe, chifukwa masamba omwe ikudyawo ali ndi poizoni ndipo iyo siifa naye, imangomusunga mthupi, nde mbalame ikalawa kamodzi imaphunzira kuti mitundu imeneyi sayandikira. Poizoniyo amakhalabe mthupi ngakhale itasanduka gulugufe. Mukaiputa imatulutsanso kuseri kwa mutu kanthu kamphanda ngati lilime la njoka konunkha moipa, mbozi za banja lonseli zili nako.

Ikakhwima imachita chinthu chomwe chimandidabwitsabe, imatafuna tsinde la chomera chomwe chailera mozungulira mpaka chakumtunda kufota, kenako imapeza tsamba kapena kanthambi pafupi, nkudzimangirira ndi kaulusi mchiuno ngati lamba. Khungu limasuluka, imakhala duu pafupifupi mwezi wathunthu, ndipo gulugufe amatuluka mmamawa kukadali chinyontho kuti mapiko akuluwo atambasuke bwino asanaume.

Nde taganizani, mbozi imodzi ikufuna masamba ambiri chonchi ndipo sidya china chilichonse, chomeracho nachonso chikufuna mitengo yoti chiyangepo. Mu Januwale 1951 phiri la Lamington linaphulika, linapha anthu pafupifupi 3,000 nkuwononga nkhalango yaikulu yomwe gulugufeyu ankakhalamo. Pambuyo pake kunabwera minda ikuluikulu ya kanjedza wa mafuta kuzigwa za Popondetta, komanso kudula mitengo. Kumugulitsa kunja nkoletsedwa, ali pa ndandanda yoyamba ya CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pangozi yotheratu, ndipo lamulolo ndi labwino ndithu, koma ine ndimaona kuti timalimbana kwambiri ndi wogwira gulugufe mmodzi kusiyana ndi wogwetsa nkhalango, pomwe wachiwiriyu nde akupha ambiri. Munda wa kanjedza ukauonera patali ndi wobiriwira bwinobwino, koma wamkazi angauluke kuchokera mbali ino mpaka uko osapeza tsamba ngakhale limodzi loti aikirepo dzira.