Mmene dziwe lopanda ntchito linasandukira World of Color ku Anaheim

Dzuwa likalowa mumzinda wa Anaheim, kumwera kwa California m'dziko la America, anthu zikwizikwi amayamba kudzazana m'mphepete mwa dziwe lokumbidwa lotchedwa Paradise Bay. Masana onse dziweli limangokhala phee ngati madzi a m'thamanda. Koma magetsi a m'paki akangozimitsidwa, pansi pa madziwo pamatumphuka mipopi pafupifupi 1,200, uliwonse ndi nyale yakeyake, ndipo ina imaponya madzi mpaka mamita 60 m'mwamba. Kumbuyo kwake kumaima chinsalu cha nkhungu yokhayokha, chotalika mamita oposa 100 m'litali ndi mamita 15 kupita kumwamba, chimene amaonetserapo zithunzi za kanema. Chionetserochi ndi World of Color, cha paki ya zisangalalo ya Disney California Adventure, ndipo chinayamba pa 11 Juni 2010.

Woonera lero angaganize kuti dziwelo analikumbira ntchito imeneyi. Ayi ndithu. Linakhala zaka 9 lisanapeze ntchito yake, ndipo chionetserochi chinabwera ngati mankhwala a paki imene inabadwa yodwala.

Malo amene pali pakiyi anali oimikapo magalimoto a alendo a Disneyland, paki yakale imene Walt Disney anatsegula pa 17 Julayi 1955. Mu 1991 kampani ya Disney, motsogozedwa ndi Michael Eisner, inalengeza kuti pamalopo imanga paki yaikulu yotchedwa WestCOT, ya ndalama pafupifupi madola 3 biliyoni. Kenako paki yawo ya ku France, imene inatsegulidwa mu 1992 pafupi ndi Paris, inayamba kumeza ndalama koopsa, ndipo akuluakulu anagwidwa mantha. Pofika 1995 WestCOT inali itafera papepala. M'malo mwake anagwirizana zomanga paki yotsika mtengo yoonetsa zokongola za California: mapiri ake, minda ya mphesa, Hollywood, ndi malo osewerera a m'mbali mwa nyanja.

Pakiyo inatsegulidwa pa 8 Febuluwale 2001, ndipo anthu sanaibise kukhumudwa kwawo. Alendo ambiri a ku Anaheim ndi anthu a ku California komweko. Nanga munthu angalipirirenji ndalama zambiri kuti aone kachifanizo ka mlatho wa Golden Gate, pamene mlatho weniweniwo angaufikire pa galimoto tsiku lomwelo? Zokwera zambiri zinali zogula kale kwa opanga ena, zonga zimene munthu angapeze pa chionetsero chilichonse cha m'tauni. Za ana aang'ono zinali zochepa. Kampani inkayembekeza alendo pafupifupi 7 miliyoni chaka choyamba, koma anabwera pafupifupi 5 miliyoni okha, ndipo zigawenga zitaphulitsa nyumba ku New York pa 11 Seputembala chaka chomwecho, anthu anachepetseratu maulendo.

Chimene chinkawawa kwambiri eni paki chinali madzulo. Zipata za mapaki awiriwa zimayang'anizana, kuyenda kwake ndi kwa mphindi ziwiri zokha. Kukayamba kuda, anthu ankatuluka m'paki yatsopano n'kuwolokera ku Disneyland kukaona makombola ndi chionetsero cha pamtsinje. Pa malonda a mtundu uwu, madzulo ndiye nthawi ya phindu: mlendo akakhala mpaka usiku amadya chakudya chamadzulo momwemo, amagulira mwana chidole ndi chovala chofunda, ndipo mwina amagona ku hotela ya kampani. Paki yopanda choonetsa usiku ili ngati msika umene ogula amabalalika nthawi ya nkhomaliro. Anayesa izi ndi izo. Mu Julayi 2001 anabweretsa mdipiti wakale wa magalimoto okutidwa ndi timababu, umene unatchuka ku Disneyland kuyambira 1972. Nyengo ya Khirisimasi chaka chomwecho anaika pa dziwe lija chionetsero cha makombola chotchedwa LuminAria, koma utsi unkakuta oonera, ndipo sichinabwererenso chaka chotsatira.

Bob Iger atalowa m'malo mwa Eisner mu 2005, anavomera poyera kuti pakiyo sinafike pa muyezo wa dzina la Disney. Mu Okutobala 2007 kampani inalengeza kuti iwononga madola 1.1 biliyoni kuikonzanso, ndalama zoposa zimene anaimangira poyamba. Mbali imodzi ya ntchitoyi inali yoti dziwe lija lipeze chochita usiku, ndipo anaipereka kwa Steve Davison, amene anali atakonzapo kale zionetsero za makombola ku Disneyland. Iye anasankha madzi m'malo mwa makombola.

Kuvinitsa madzi kuti anthu agome si nzeru ya ku America. Mfumu Louis XIV ya ku France inadzaza munda wa nyumba yake ku Versailles ndi akasupe opanga, koma malowo analibe madzi okwanira. Mu 1684 anamaliza chimakina cha ku Marly, cha mawilo akuluakulu 14 ozunguzidwa ndi mtsinje wa Seine, chokankhira madzi pamwamba pa phiri. Ngakhale zinatero madzi sanakwanebe. Anyamata oyang'anira akasupe ankabisala m'munda n'kumaimbirana likhweru: mfumu ikayandikira kasupe amamutsegula, ikangokhota amamutseka kuti madzi apite kwa wotsatira. Mfumuyo inkayenda m'munda woti madzi ake akuoneka osatha, chonsecho kumbuyo kwake zonse zinali zitauma. Nkhani imeneyi imandisangalatsa chifukwa chinyengo chake n'chomwecho mpaka lero, kungoti likhweru lija linalowedwa m'malo ndi kompyuta.

Kuwala kunadza ndi magetsi. Pa chionetsero cha za umoyo ku South Kensington mumzinda wa London mu 1884, anthu anaona akasupe osintha mitundu usiku. Pansi pa dziwe panali chipinda, ndipo mmenemo amuna ankasinthanitsa magalasi amitundumitundu pamwamba pa nyale zamphamvu, motsatira zizindikiro za munthu amene anali pansanja. Paris inatengera nzeruyo pa chionetsero chake cha 1889, chomwe chija anamangira nsanja ya Eiffel. Mu 1929 Carles Buïgas anamanga kasupe wa Montjuïc ku Barcelona, amene alipo mpaka pano. Ku Berlin, Otto Przystawik anapanga makina oti munthu azitha kuseweretsa madzi motsatira nyimbo, akukankha timabatani ngati woimba limba. Makina a mtundu umenewo, pa dzina loti Dancing Waters, anafika ku Radio City Music Hall ku New York mu 1953, ndipo mu 1970 anaikidwa pa Disneyland Hotel, pafupi kwenikweni ndi pamene dziwe la Paradise Bay linadzakumbidwa.

Chinsalu cha madzi nachonso chinali chitayesedwa kale tsidya lina la chipata. Chionetsero cha Fantasmic!, chimene chinayamba ku Disneyland pa 13 Meyi 1992, chinabweretsa luso lochokera ku France lopopera madzi mopyapyala ngati chikupizo, n'kuwalitsirapo filimu kuchokera kumbuyo. Mumdima timadontho timagwira kuwalako, ndipo chithunzi chimaoneka ngati chalenjekeka m'malere. Koma ku Fantasmic! madzi ndi wothandizira chabe. Eni bwalo ndi anthu ovina, maboti ndi chinjoka cholavula moto. Chatsopano cha Davison chinali kuchotsa anthu onse pabwalo. Mu World of Color mulibe wovina ngakhale mmodzi. Madzi okhawo ndiwo ayenera kuseketsa, kuopseza ndi kuliritsa anthu kwa mphindi zoposa 20.

Kuti zimenezi zitheke, dziwe linayenera kuphwetsedwa, ndipo apa panali vuto lina. Kumapeto kwa 2008 California inali pakati pa chilala, boma likupempha anthu kuti achepetse kuthirira kapinga. Kutayira m'nyanja malita oposa 50 miliyoni a madzi, kenako n'kudzatunganso ena ochuluka chomwecho pofuna kusangalatsa alendo, kukanautsa mkwiyo. Disney inagwirizana ndi bungwe loona za madzi m'deralo, Orange County Water District, limene linali litangotsegula makina oyeretsa madzi ogwiritsidwa kale ntchito n'kuwabwezera pansi pa nthaka. Madzi a m'dziwe anapita kumeneko, ndipo ntchito itatha mu 2009 dziwe linadzazidwanso kuchokera m'nkhokwe ya pansi pa nthakayo. Kunena chilungamo, nkhaniyi inathandizanso kampani kudziyeretsa pamaso pa anthu, koma madziwo sanatayikedi. Ndipo pa chionetsero penipeni, madzi oponyedwa m'mwamba amagweranso m'dziwe momwemo, kupatula amene atengedwa ndi mphepo.

Pansi pa dziwe louma anamangapo nsanja yachitsulo yaikulu pafupifupi ekala imodzi, yogawidwa patatu. Pansanjapo ndi pamene pali mipopi, mapampu, nyale za LED, zotulutsa nkhungu, zolavula moto ndi mawaya osawerengeka. Imakwera ndi kutsika. Masana imamira kuti dziwe lioneke labwinobwino. Madzulo imakwera mpaka milomo ya mipopi itasuzumira pamwamba pa madzi. Amisiri akafuna kukonza china, imatulukiratu yonse kuti ayendepo ndi nsapato zouma. Mipopiyo si ya mtundu umodzi: ina imangoponya madzi molunjika kumwamba, ina imapendekera uku ndi uku ngati udzu pa mphepo, ina imazungulira, ndipo ina yaikulu imaphulitsa madzi ndi mpweya wopanikizidwa. Popeza uliwonse uli ndi nyale yake pansi, mtundu umakwera ndi madziwo kuchokera m'munsi, osati kuwalitsidwa kuchokera kumbali. N'chifukwa chake madziwo amaoneka ngati ndi utoto weniweni. Nyuzipepala za nthawiyo zinkati ntchito yonse inadya madola pafupifupi 75 miliyoni.

Dzina lake nalonso lili ndi mbiri ya malonda. Walt Disney anayamba pulogalamu ya pa wailesi ya kanema mu 1954 pa ABC, kampani imene inaika ndalama pomanga Disneyland posinthana ndi pulogalamuyo. Koma ABC inkaulutsa zithunzi zakuda ndi zoyera zokha. Mu Seputembala 1961 Walt anasamukira ku NBC, ndipo pulogalamu inatchedwa Walt Disney's Wonderful World of Color. Mwini wa NBC anali RCA, kampani yopanga ma TV, ndipo cholinga chake chinali choti mabanja aone kuti akumanidwa zambiri, apite kusitolo akagule TV yamitundu. Patapita zaka pafupifupi 50, dzina lomwelo ndi kanyimbo kotsegulira pulogalamuyo anazitenga kuti zigwire ntchito yofananayo, yokopa anthu ndi mitundu, koma ulendo uno pofuna kuti asatuluke pachipata dzuwa likalowa.

Zinathekadi. M'miyezi yoyamba anthu ankafika m'mamawa kudzalimbirana matikiti a malo oimapo, ndipo masiku ena chionetsero chinkachitika katatu usiku umodzi. Mtsinje wa anthu unatembenuka: ena anayamba kuchoka ku Disneyland madzulo kulowera ku paki ija inkanyozedwa. Ntchito yokonzanso paki inatha mu Juni 2012 potsegula dera la Cars Land, ndipo chaka chomwecho anayamba kugulitsa zipewa za makutu a Mickey, mbewa ya m'makatuni a Disney, zokhala ndi nyale zimene zinkalandira uthenga kuchokera ku makina a chionetsero, n'kumasintha mitundu pamodzi ndi madzi. Ndimaona kuti pamenepa wamalonda anachenjera mopitirira: woonera amagula yekha nyale, n'kusanduka mbali ya chionetsero chimene walipira kale kuti aone.

Pali ubwino wina umene akuluakulu a kampani anauona msanga. Chionetsero cha anthu ovina chikafuna kusintha, pamafunika zovala zatsopano, maphunziro ndi miyezi yokonzekera. Cha madzi chimangofuna kulemba malangizo ena mu kompyuta. Motero pakhala mitundu yambiri pa nsanja imodzimodziyo: ya nyengo ya Khirisimasi kuyambira 2013, yokumbukira zaka 60 za Disneyland mu 2015, ya zaka 100 za kampani mu Januwale 2023, ndi ya zaka 70 za Disneyland mu Meyi 2025. Okonda chionetsero choyamba amadandaula kuti zina mwa zatsopanozi zimangokhala ngati kutsatsa mafilimu amene kampani ikufuna kugulitsa chaka chimenecho, ndipo pa zina sakunama.

Madzi ndi magetsi sizigwirizana kwenikweni, ndipo zimenezi zinaonekera mu 2018. Mu Epulo chionetsero chinaimitsidwa kuti akonze zina ndi zina kwa milungu yochepa, koma zida za pansi pa dziwe zinaonongeka kwambiri moti sichinabwerere mpaka Febuluwale 2019. Kwa miyezi yambiri alendo ankaona nsanja ija ili poyera masana, zitsulo, mapaipi ndi mawaya zili mbee, amisiri akuyendayenda pamenepo. Patangotha chaka, mliri wa Covid-19 unatseka mapaki onse a ku Anaheim mu Malichi 2020. Zipata zinatsegulidwanso mu Epulo 2021, koma dziwe linakhalabe chete chaka china chathunthu, mpaka pa 22 Epulo 2022.

Mdani wa tsiku ndi tsiku ndi mphepo. Ikawomba mwamphamvu, chinsalu cha nkhungu chimang'ambika, nkhope za pachithunzi zimapindika, ndipo oyendetsa makina amatsitsa mipopi italiitali kapena kuimitsa chionetsero chonse. Ngakhale usiku wabata, oima kutsogolo kwenikweni amanyowa, ndipo pamalopo pali zikwangwani zowachenjeza. Ana ndi amene amathamangira pamenepo, makolo awo akutsatira pambuyo atanyamula majasi a pulasitiki.