Mzikiti wa Mobarak ku The Hague ndi mkangano umene Apakistani anabwera nawo

Pa msewu wa Oostduinlaan mumzinda wa The Hague pali mzikiti wotchedwa Mobarak. Ndiyo nyumba yoyamba m'dziko la Netherlands imene inamangidwa kuti ikhale mzikiti kuchokera pa maziko. Inatsegulidwa mu 1955, ndipo amene anaitsegula anali Muhammad Zafrulla Khan, nduna yoyamba ya Pakistan yoona za ubale ndi mayiko ena, yemwe pa nthawiyo anali woweruza ku khoti la dziko lonse mumzinda womwewo. Ndalama zomangira anasonkha ndi amayi a gulu la Ahmadiyya.

Nthawi imeneyo Apakistani ku Netherlands anali owerengeka. Adatchi atayamba kusowa anthu ogwira ntchito m'mafakitale, anasainirana mapangano ndi dziko la Turkey mu 1964 ndi la Morocco mu 1969, koma ndi Pakistan ayi. Choncho Apakistani anabwera mwa okha, makamaka kuchokera ku chigawo cha Punjab, wina akakhazikika n'kuitana mng'ono wake kapena mlamu wake. Lero alipo oposa 20,000, ambiri ku Amsterdam, Rotterdam ndi The Hague, ndipo n'ngochepa kwambiri poyerekeza ndi anzawo a ku Britain.

Unyinji wa anthu amenewa sapemphera ku Mobarak, ndipo sakuona ngati mzikiti wawo. Gwero lake ndi ili. Gulu la Ahmadiyya linayambitsidwa mu 1889 ndi Mirza Ghulam Ahmad wa ku Qadian, ku India, amene ananena kuti ndiye Mesiya wolonjezedwa komanso Mahdi, mtsogoleri amene Asilamu amayembekezera m'masiku otsiriza. Asilamu ambiri amati chiphunzitsochi chikutsutsa chikhulupiriro chakuti Mtumiki Muhammad ndiye mneneri womaliza. Anthu a Ahmadiyya amati iwo ndi Asilamu, amaswali kasanu patsiku ndipo amawerenga Qur'an yomweyo.

Kusiyana pa chiphunzitso n'chinthu chimene zipembedzo zonse zimakumana nacho. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti boma la Pakistan linalowererapo ndi ndodo. Mu 1953 mumzinda wa Lahore ku Pakistan munabuka zipolowe, anthu akufuna kuti Zafrulla Khan achotsedwe pa unduna chifukwa anali wa Ahmadiyya. Mu 1974, mu ulamuliro wa nduna yaikulu Zulfikar Ali Bhutto, nyumba ya malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko n'kulengeza kuti anthu a gululi si Asilamu. Mu 1984 Zia-ul-Haq, mkulu wa asilikali amene ankalamulira dzikolo, anawonjezera lamulo lakuti wa Ahmadiyya akadzitcha Msilamu, akatcha nyumba yake yopemphereramo mzikiti, kapena akaitanira anthu ku swala, atha kukhala kundende mpaka zaka 3. Chaka chomwecho mtsogoleri wa gulu la Ahmadiyya anathawira ku London. Zafrulla Khan, munthu amene anayankhulira Pakistan ku United Nations dziko litangobadwa kumene, anamwalira mu 1985 ku Lahore, malamulo a dziko lake atamulanda dzina la chipembedzo chake.

Kuyambira pamenepo, ena mwa Apakistani ofika ku Netherlands sankabweranso kudzafuna ntchito, ankadzapempha chitetezo. A Ahmadiyya anali m'gulu limeneli, komanso Akhristu oopa milandu yonyoza chipembedzo. Mantha awo anali ndi chifukwa: mu Meyi 2010 zigawenga zinapha anthu oposa 80 m'nyumba ziwiri zopemphereramo za gululi ku Lahore.

Ku The Hague, nyumbayi imatchedwabe mzikiti popanda woletsa, ndipo Mfumukazi Beatrix anakaichezera mu 2006 pokumbukira zaka 50 chitsegulireni. Koma mkanganowo unawoloka nyanja limodzi ndi eni ake. Mpakistani wokhala ku Rotterdam amene akufuna pasipoti ya kwawo yomulemba kuti ndi Msilamu amayenera kusainira kuti Mirza Ghulam Ahmad anali wonyenga ndipo otsatira ake si Asilamu. Wa Ahmadiyya akakana kusaina, pasipoti yake simutchula kuti ndi Msilamu.