Wophunzira wa pa yunivesite akamati "sizikulowa" pa nthawi ya mliri

Pa 11 Malichi 2020 bungwe loona zaumoyo la WHO linalengeza kuti COVID-19 yasanduka mliri wa dziko lonse. Pofika Epulo, malinga ndi bungwe loona zamaphunziro la UNESCO, kutsekedwa kwa sukulu kunali kutakhudza ophunzira pafupifupi 1.6 biliyoni. Mayunivesite anathamangira ku mapulogalamu a pa intaneti monga Zoom, Moodle ndi Google Classroom n'kulengeza kuti maphunziro akupitirira. Pa pepala anapitiriradi. Koma ife opereka uphungu kwa ophunzira tinkangomva dandaulo limodzi: "Ndikuwerenga, koma sizikulowa."

Makolo ena ankati ndi ulesi. Si ulesi ayi. Ubongo uli ndi kamalo kochepa kogwiriramo zimene munthu akuganiza pa nthawiyo, ndipo nkhawa imathamangira kukhala pomwepo. Wophunzira amene akudera nkhawa kholo lodwala, fizi, kapena ngati adzamalize n'komwe, amafika kumapeto kwa tsamba osadziwa chimene chinali pamwamba. Amabwerera, n'kuyambiranso. Tsiku limatha, ndiye amayamba kudziimba mlandu, ndipo nkhawa ija imangokulirakulira.

Chinanso chimene mliri umalanda ndi ndondomeko ya tsiku. Kalasi ya m'mawa imene ophunzira amadana nayo ija imagwira ntchito yaikulu: imawadzutsa, imawatulutsa panja, ndipo kuwala kwa dzuwa la m'mawa kumakonza wotchi ya m'thupi imene imabweretsa tulo usiku. Phunziro likakhala lojambulidwa, loti uonere nthawi ina iliyonse, nthawiyo imakhala pakati pa usiku uli gone pabedi. Pamenepo pali vuto, chifukwa zambiri zimene taphunzira masana zimakhazikika m'mutu tili m'tulo. Wosagona bwino amatunga madzi ndi dengu.

Koma chimene ine ndimaona kuti n'chachikulu kwambiri, ngakhale sichilembedwa pa ndandanda ya maphunziro, ndi timphindi tija totuluka m'kalasi. Wina amakoka mnzake malaya: "Aise, paja pomaliza paja wamvapo chiyani?" Mnzakeyo n'kuseka, "Inenso zandidutsa." Mtima umakhala pansi, chifukwa wadziwa kuti phunzirolo ndi lovutadi, si iwe mbuli. Pa Zoom, kamera zili zozimitsa ndipo aliyense watseka mawu, umangoona mayina m'timabokosi takuda. Mphunzitsi akafunsa ngati pali funso, kuli zii. Aliyense amaganiza kuti wasokera yekha. A chaka choyamba, amene anali asanapeze n'komwe anzawo, ndiwo anamva kuwawa kwenikweni.

Mavutowa sanagwe mofanana. Bungwe loona za matelefoni ndi intaneti padziko lonse la ITU linati mu 2021 anthu pafupifupi 2.9 biliyoni anali asanagwiritsepo ntchito intaneti, ndipo ambiri amene anali nayo ankawerenga buku lonse pa kagalasi ka foni, netiweki ikuduladula. Ophunzira za udokotala ndi uinjiniya anasowa labotale, imene kanema sangailowe m'malo.

Mu Malichi 2022 WHO inanena kuti m'chaka choyamba cha mliriwu matenda a nkhawa ndi ovutika maganizo anakwera ndi 25 peresenti padziko lonse, makamaka pakati pa achinyamata ndi amayi. Sizodabwitsa, poti matenda ambiri a maganizo amayamba munthu asanakwanitse zaka 25, msinkhu weniweni wa pa yunivesite.

Mliri wina ukadzatseka sukulu, kungoika manotsi pa intaneti sikudzakwana. Padzafunika makalasi a nthawi yokhazikika, timagulu ting'onoting'ono tokambirana, ndi phungu wopezeka pa foni. Inu amene muli naye wophunzirayo pakhomo, yang'anirani izi: ngati padutsa milungu iwiri ali wosasangalala, wasiya zimene ankakonda, ndipo kagonedwe kapena kadyedwe kasintha, akaonane ndi achipatala. Akatchula zodzipha, ngakhale moseka, musamusiye yekha, ndipo mupite naye tsiku lomwelo.